Chithunzi cha Pakhonde

14 Januwale

Amake Hedi,

Moni wa chikondi. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi a Hedi athu, komanso alendo athu awiri aja. Ine kuno ndili bwino, kungoti chala chapakati ndinachiotcha ndi simbi, koma chayamba kupola.

Kalata yanu anandipatsa dalaivala wa basi uja, ndipo ndinaiwerengera pa depoti pomwepo, chiimirire. Amake Hedi, munachita kundipempha chilolezo? Mng'ono wanu afike pakhomo diso lili lotupa, khanda kumsana, makina ake osokera a gudumu lachikasu aja pamutu, ine ndinene kuti abwerere? Mlamu wanga akhale mpaka tsiku limene iye mwini adzanene kuti wapeza pogwira. Mwamuna wakeyo ine ndinamukayikira kalekale. Munthu wovala tayi ngakhale popita kukagula makala! Si ine ndinamupatsa dzina loti a Tayi, inu nonse n'kumandidzudzula kuti ndilibe ulemu? Panjira amapereka moni ndi manja awiri, manja omwewo akafika kunyumba amasanduka nyundo.

Mwayi wake ndi woti nyumba tinasamukirayi sakuidziwa, paja tinasamuka atasiya kale kutiyendera. Mwati za mlamu tisamakambe pa foni, chifukwa ulendo watha uja atathawira kwa azakhali a Tayi anamupeza kudzera m'foni yomweyo. Ndamva. Pa foni tizikamba za mvula ndi za homuweki, za mlamu zizidzera m'kalata. Za ine musade nkhawa, pakamwa panga ndakhomapo loko, kiyi ndataya.

Ndalama zili mu envulopu yaing'onoyo mugawe chonchi. Choyamba kalipentala aike mpiringidzo pa chitseko chakuseri, chija chimatseguka ndi bondo. Kenako katani ya pawindo loyang'ana kumsewu, yokhuthala, osati zija zoonekera mkati. Zotsala ndi za yunifolomu ya mwana. Akayamba sukulu yatsopanoyo aphunzitsi akonzeke, poti mwana amene amandandalika nsapato zathu pakhonde n'kumaziphunzitsa masamu, kamtengo kali m'manja, sadzalola kuti wina akhale hedi iye alipo.

Ntchito ndi yomwe ija, pansi penipeni pa hotela, kopanda windo, mabedishiti ndi matawulo kuyambira m'mawa. Makina ochapira akamazungulira onse pamodzi pansi pamanjenjemera, nthunzi ili tolotolo ngati akuphika ife. Alendo a m'mwambamo sadziwa n'komwe kuti tilipo. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Jenereta, amene mkonono wake munaumva pa foni tsiku lija, akuti moni. Amandiseka kuti pa tsamba langa la pa intaneti ndimaoneka ngati mwini hotela, chifukwa cha chithunzi chija ndinajambulitsa pa masitepe akutsogolo ndi jekete lobwereka. Nanga munthu aposite ali ndi apuloni yonyowa? Anthu kumeneko azidziwa kuti sindinabwere kudzagona.

Chimodzi ndikupempha. Tsiku loyamba la sukulu mumujambule mwana wanga, mundiponyere pa foni. Chaka chonsechi ndikumukumbukira ndi diresi lomwe lija anavala pondiperekeza.

Wanu mpaka kalekale,
Bambo a Hedi


11 Febuluwale

Amake Hedi,

Moni nonse m'nyumbamo. Ine ndili bwino, chala chija chinapola, kwangotsala chipsera. Nanga chimfine cha khanda chili bwanji?

Chithunzi ndinachilandira ndili pakati popinda matawulo. Ndinathawira kuseri kwa makina oumitsira kuti kapitawo asandione, n'kuchikulitsa ndi zala. Abale inu! Kolala yoyera, masokosi ofika m'mawondo, manja kumbuyo ngati akuyendera sukulu yonse, ndiye kumwetulirako, dzino lakutsogolo palibe! Simunandiuze kuti wagweluka. Ndinalira, Amake Hedi, ndikuvomera. Anzanga ndinawauza kuti ndi nthunzi.

Tsono za mkwiyo wanu wa pa foni. Inde, ndinachiposita. Msuweni wanu amene anathamangira kukuuzaniyo ntchito alibe. Koma tamverani. Ndisanaposite ndinachiyang'ana ngodya zonse. Mlamu mulibe, khanda mulibe, ngakhale thewera pachingwe mulibe. Muli mwana wanga yekha ataima pakhonde lakuseri. Dzina la sukulu pa baji silikuwerengeka n'komwe. Ndipo a Tayi ndinawabuloka tsiku lomwe ndinawerenga kalata yanu, sangaone kalikonse kanga. Kodi bambo asanyadire mwana wake? Anzanga kuno amaposita magalimoto a eni ake, ine ndaposita changachanga. Anthu anachikonda zedi, makomenti mpaka foni kutentha, ngakhale anthu osatidziwa. Pali wina wogulitsa zovala za ana amene anati mwana wotere ndi wofunika kumuika pa kalendala. Basi, zilibe ntchito zimenezo. Poti mwanena, ndichifufuta.

Ndasangalala kumva kuti mlamu wayambanso kusoka, ndiponso kuti azimayi akubweretsa madiresi kudzera mwa inu osamuona iye. Azisokera pakhonde lakuseri lomwelo, kuli kuwala komanso mpanda ndi wautali. Mwati tsiku lina anaseka mpaka kugwira m'mimba a Hedi atathamangitsa khanda m'kalasi chifukwa chogona nthawi ya masamu. Mumuuze kuti mlamu wake akuti kuseka kumeneko kusathe.

Kuno zinthu zakwera, makamaka sopo ndi mafuta ophikira, ndiye envulopu yapepuka pang'ono mwezi uno. Lendi mupereke kaye, zina zidikire. A Hedi anandilamula pa foni kuti akufuna nsapato zofiira zokhala ndi lamba, zakuda akuti ndi za ana a sukulu wamba. Ndinazipeza pa shopu ina, koma nditaona mtengo ndinangoseka n'kutuluka. Muwauze kuti adadi alonjeza, zibwera.

Jenereta akuti masiku ano ndikumagona foni ili pachifuwa ngati khanda. Ndi kusowa wocheza naye basi. Lamulungu kuno ndi lalitali, Amake Hedi. Munthu umachapa malaya ako awiri, n'kutsala ukuyang'ana kudenga.

Wanu,
Bambo a Hedi


9 Malichi

Amake Hedi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino, koma tulo tikuvuta, ndipo ulendo uno si chifukwa cha Jenereta.

A Tayi anandiimbira dzulo, pa nambala yachilendo, ndili pa nthawi yopuma. Mawu ofewa ngati m'busa.

"Akulu," akutero, "mkazi wanga ndi mwana wanga sali kwanuko?"

Ine ndati, "Achimwene, ine ndili kunja kuno. Zakumeneko ndingazidziwe bwanji? Mkazi wanganso akudandaula kuti mng'ono wake sakumumva."

Anayamba kulira, kuti asintha, kuti akupemphera, kuti m'nyumba mwazizira. Ine ndinangoti pepani, pepani, mumtima ndikudziyamikira kuti bodza ndalikhoza. Ndiye potsanzika akuti, "Mupereke moni kwa kamtsikana kanu. Kakula, eti? Mpaka kugweluka." N'kudula.

Ndinakhala pa mulu wa mabedishiti. Dzinolo aliona kuti? Ndinayang'ana pa foni, ndi obuloka ndithu. Mwina angoganiza, paja ana a msinkhu umenewu onse amagweluka. Mwina wina anawaonetsa. Anzanga a pa tsamba langa ndi ambiri, ena ndinangowalandira osawadziwa, nanga munthu akakupempha ubwenzi umakana bwanji? Jenereta nditamufotokozera sanaseke monga amachitira. Anangoti, "Iwe, chakomachakoma pusi anagwa chagada," n'kutembenukira kukhoma. Lero ndapsereza nsalu ya patebulo, kapitawo wandikalipira pamaso pa anthu, akuti maganizo anga ali m'thumba la buluku.

Tsono chitani izi, chonde. A Hedi asamapite kapena kubwera okha kusukulu, muziwaperekeza ngakhale benchi yanu kumsika itsegulidwe mochedwa. Makina osokera alowe m'nyumba. Geti lizikhala lokhoma ngakhale masana. Ndipo mukauze aphunzitsi kuti wina akabwera ndi phukusi la mwana, kaya anene kuti lachokera kwa ine, asalandire, asamuonetsenso mwanayo. Musandifunse chifukwa chake, ndikungosamala.

Ndinatenga foni kangapo kuti ndikuimbireni zimenezi, koma paja tinapangana kuti za mlamu pa foni ayi. Basi ikunyamuka mawa, kalatayi ifika msanga.

Ndaikamo ya mankhwala a khanda ndi yogulira loko wapageti. Pali kanthu kena ndimafuna ndikuuzeni, koma ndi kakang'ono, kadikire ndidzabwere pa tchuthi.

Wanu,
Bambo a Hedi


21 Malichi

Amake Hedi,

Sindikudziwa ngati ndiyambe ndi moni. Mlamu wadzuka bwanji? Adokotala akuti chiyani za dzanja? Ine ndili moyo, ndi zokhazo ndinganene.

Pa foni inu munkalira, ine ndinkakuwa, sitinamvane bwino. Ndilembe mmene ndinamvera, mundikonze pamene ndalakwitsa. Loweruka inu munali kumsika. Mlamu amasambitsa khanda kuseri. Pageti panagogoda mayi wovala bwino, atanyamula bokosi. Anaitana mwana ndi dzina la m'nyumba, kuti, "A Hedi, tsegulani, adadi anu atumiza nsapato zofiira zija." Mwana anasuzumira pa kabowo, anaona nsapato, anatsegula. Kumbuyo kwa mayiyo kunali a Tayi. Anamukoka mlamu tsitsi kuchokera pa beseni mpaka pakhonde, anamupanikiza dzanja lamanja pa felemu n'kumenyetsa chitseko, akunena kuti aone ngati azisokanso. Akanapanda aneba athu owotcherera zitsulo kulumpha mpanda, bwenzi tikukamba zina. Ndipo zonsezi mwana wathu akuona, bokosi lili m'manja.

Kalata yanga yochenjeza mwati inafika Lolemba, chifukwa basi inakhala sabata yonse ku galaja. Ndikanaimba. Ndikanangoimba, Amake Hedi.

Pali chimene ndiyenera kuvomera. Chithunzi chija sindinafufute. Ndinkati mawa, mawa, makomenti akubwerabe. Dzulo ndinachikulitsa mpaka kumapeto, ndipo pangodya, kuseri kwa chigongono cha mwana, pakuoneka theka la gudumu lachikasu. Ine ndinkafufuza nkhope za anthu. Gudumulo anapenta okha a Tayi chaka chimene anagula makinawo, akanaliiwala bwanji? Khoswe wa padenga anaulula wa padzala, ndipo wa padengayo ndine. Tsopano ndafufuta, koma madzi akatayika saoleka.

Mwati chithunzi chokha sichingasonyeze nyumba, nanga mayiyo anadziwa bwanji sukulu, dzina loti a Hedi, ndi za nsapato zofiira. Ine sindikudziwa. Ana amalankhula. Mwina mwana anauza anzake kusukulu za nsapatozo, nkhani n'kuyenda. Mumufunse bwinobwino, mosamuopseza.

Ndapempha adivansi kwa kapitawo, zonse zili mu envulopu, ndi za kuchipatala. Ndinafuna kukwera basi ndibwere, koma akuti ndikachoka tchuthi chisanafike malo anga apereka kwa wina, ndiye tidzadya chiyani? Mwati a Tayi apolisi anawagwira koma abale awo akuthamanga kuti atuluke pa belo. Muzikagona kaye kwa aneba, inu ndi ana onse awiri.

Bambo a Hedi


8 Epulo

Amake Hedi,

Kalata yanu ndalandira. Ndikuthokoza Mulungu kuti mlamu watuluka m'chipatala, ngakhale mwati zala ziwiri adokotala sakulonjeza. Za moyo wanga musafunse, sindine woyenera kufunsidwa.

Ndime ya mwana ndaiwerenga mpaka pepala kufewa. Mwati munamufunsa monga ndinanenera, iye n'kuvomera kuti anauzadi mnzake wokhala naye desiki imodzi za nsapato. Kuyambira pamenepo sakudya, akukodzera pogona, nsapato za pakhonde zilibenso mphunzitsi. Mwati anakagwada pamaso pa mlamu, n'kutambasula dzanja, n'kunena kuti, "Amayi aang'ono, mundithyole langa." Kamwana kogweluka! Ndipo amene ndinamusenzetsa katundu ameneyu ndine, ndi cholembera changa, ndikudziwa zoona zake.

Ndinanama. Mayi uja ndikumudziwa, kapena ndinene kuti ndinkayesa kuti ndikumudziwa.

Anandipempha ubwenzi pa tsamba langa sabata imene mlamu anafika. Chithunzi chokongola, dzina lachilendo, akuti amagulitsa zovala za ana m'matauni osiyanasiyana. Ndinalandira. Chithunzi cha mwana chitatuluka anabwera ku inibokosi. Ankandifunsa ngati ndadya, ngati chala chapola, ankati bambo wosamala ana ngati ine ndi wosowa. Ine, munthu wonunkha bulichi, ndinkathamangira foni pa nthawi yopuma ngati mnyamata wa sukulu. Sitinakumanepo, sindinamvepo ngakhale mawu ake, koma zimene ndinkalemba si zoti mwamuna wanu alembe, ndipo sindinamizira kusungulumwa.

Za mlamu sindinatchulepo, ndipo ndinkadzitama nazo mumtima. Koma zina zonse ndinapereka ndi manja awiri. Anafunsa kuti mwana timamutchula ndani kunyumba, ndinanena, ndi nkhani ya nsapato za pakhonde yomwe. Ndinadandaula za mtengo wa nsapato zofiira, iye akuti ali nazo, amadutsa dera lathu ndi katundu, akhoza kukasiya kusukulu ngati mphatso, inu osadziwa kumene zachokera. Anafunsa saizi, ndinanena. Dzina la sukulu, ndinanena. Kalasi ndi nthawi yowerukira, ndinanena. Kunatsala chiyani pamenepo? Kungoima pageti la sukulu n'kutsatira mwana mpaka kwawo.

Tsiku limene a Tayi anaimba, tsamba la mayiyo linazimiririka. Ndinadziwa pomwepo kuti amene ankandifunsa ngati ndadya anali a Tayi eni ake, ndipo mayi wa bokosi uja anangochita kumutuma. Ndinadziwa, Amake Hedi. Pamene ndinkamupatsa kalata yochenjeza ija, dalaivala anandiuzanso kuti basi ichedwa, ili ku galaja. Foni inali m'thumba mwanga sabata yonseyo. Sindinaimbe chifukwa mukanafunsa kuti phukusi lanji, lochokera kwa ndani, ndipo ndinaopa manyazi anga kuposa mmene ndinaopera moyo wa mng'ono wanu. Pangano lathu la foni ndinangobisalamo.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, ndilibe nkhope yopemphera. Mlamu mumuwerengere kalata yonseyi, osadumpha. Koma ndime ili m'munsiyi ndi ya mwana, chonde mumuwerengere lero lomwe.

A Hedi, ndine adadi. Tamverani bwino, ngati mmene nsapato zimakumverani inu. Mayi uja za nsapato zofiira sanamve kwa mnzanu wa pa desiki. Anamva kwa ine. Dzina lanu ndinamuuza ndine, sukulu yanu ndinamuuza ndine. Inu munatsegula geti chifukwa munamva kuti adadi atuma, ndipo mwana wabwino amatero. Olakwa ndi bambo aang'ono amene anamenya, ndi adadi amene anauza zapakhomo munthu wosamudziwa. Inu mulibe mlandu ngakhale pang'ono. Idyani, mwamva?

Ine


6 Meyi

Amake Hedi,

Moni, ngati mungaulandire. Foni yanu sikupezeka kuyambira tsiku limene munalandira kalata yanga ija. Dalaivala akuti envulopu anakupatsani m'manja, munawerenga pomwepo. Ulendo wathawu atafika kunyumba anapeza makatani achilendo pawindo. Aneba akuti munasamuka pa lole m'mamawa, iwo sanafunse kopita. Ndamvanso kuti a Tayi anatuluka pa belo, akuyendayenda ndi tayi wawo. Ndiye mwachita bwino.

Tsamba ndatseka. Ndisanatseke ndinakhala pansi ndi Jenereta n'kuyang'ana zonse zimene ndinaikapo chibwerereni kuno. Ha, ndinachita manyazi. Tsiku lobadwa la mwana lilipo. Inu muli pa bedi la kuchipatala chaka chatha mulipo, tsitsi losapesa, ine ndikupempha anthu mapemphero kuti andione kuti ndine mwamuna wachikondi. Geti lathu lilipo, tsiku limene linapentedwa. Ngakhale tsiku lotumiza ndalama ndinkalengeza. Moyo wanu wonse ndinauyanika pachingwe cha kumsewu kuti anthu andiombere m'manja, ndipo sindinakufunsenipo ngakhale kamodzi. Jenereta sanandinyoze. Anangondipatsa tiyi m'kapu yake yabwino ija, imene salola munthu kuigwira.

Ndalama ndipitiriza kupereka kwa dalaivala. Akuti pali mayi wina wa kutchalitchi kwanu amene amabwera pa depoti kudzafunsa za envulopu. Sindinafunse kuti ndi ndani. Mwezi uno muli ya lendi ndi ya kuchipatala kumene mlamu akukaongoletsa zala. Ndayamba kugwira ntchito Lamulungu lomwe, ndiye si lalitalinso.

Ngakhale musandiyankhe zina zonse, ichi chokha: mwana anamva ndime yake ija?

Ine


17 Juni

Amake Hedi,

Zikomo. Kapepala kanu ndalandira, ka mizere yochepa, kopanda adiresi pamwamba. Ndili bwino, ndipo lero ndadya mpaka kumaliza.

Mwati mwana munamuwerengera, anapempha kuti mubwereze, kenako anati adadi ayenera kugwada kutsogolo kwa kalasi. Muwauze a Hedi kuti ndagwada kale, adzandiuze okha tsiku lodzuka. Mwati wayambanso kudya, ndipo tsiku lina m'mawa munapeza masilipasi onse ali pamzere. Nditawerenga pamenepo ndinapita kuseri kwa makina oumitsira. Ulendo uno sindinanamizire nthunzi.

Mwati chikhakha anachotsa, zala zitatu zikugwira, ziwiri zauma. Mwati mlamu kalata yanga anaimva yonse ndipo sananene kanthu. Ali ndi ufulu. Sindimutumizira moni woti avutike kuyankha. Ndaikamo yogulira tebulo la makina lopalasa ndi mapazi, kuti dzanjalo lisamazunguzenso gudumu. Gudumulo alipente mtundu wina.

Za ife awiri mwati simunaganize, ndisakufulumizitseni. Sindikufulumizitsani. Mwalembanso kuti ndisakhumudwe, kumene muli simundiuza, ndipo tchuthi changa chikafika tidzakumana pa depoti. Amake Hedi, mzere umenewo unandibaya. Mu Januwale nyumba tinkaibisa kwa a Tayi. Lero mukuibisa kwa a Tayi ndi kwa ine, ndipo ndikafufuza mumtima mwanga sindikupeza pokutsutsirani. Musandiuze. Dalaivala ndamuuza kuti ngakhale ndidzamunyengerere bwanji, asadzatchule dzina la mayi wa envulopu uja. Sukulu yatsopano musaitchulenso, ngakhale mtundu wa yunifolomu.

Kuno m'mawa kwayamba kuzizira, ndikhulupirira ndi kumeneko komwe. M'phukusimo muli majuzi awiri, yaing'onoyo ndi ya khanda. Nsapato ndagula zakuda.

Chithunzi musatumize. Mungondilembera ndi mawu. Dzino lija lamera?

Bambo a Hedi